Dambo lonselo ndiloze pati?

Lachitatu, Okutobala. Dzuwa lanyanya, mutu ukundiwawa.

Anthu a mapu aja afika pafamu lero ndi kandege kawo kojambula kuchokera m'mwamba. Murungu, mwini famuyi, akufuna kukumba damu kudambo, lothirira fodya. Kapitawo wandisankha ine kuti ndiziwanyamulira katundu.

Mtsikana wogwira makinawo ndi waulemu ndithu. Titafika kumanda a pakomboni wavula chipewa. Pamtumbira uliwonse amaima, kudina, kadontho kofiira n'kuoneka pamapu. Akuti pamene pali kadontho madzi sadzafikapo. Kenako wandifunsa, "Mukoma, alipo ena amene tawasiya?"

Alipo, mwana wathu woyamba uja anabadwa osalira. Wotere saikidwa kumanda a onse. Amayi okhaokha amakamuika kudambo, popanda mtumbira, mwamuna osapondako. Ndamuyankha kuti ali kudambo komweko. Iye akuti, "Tandilozerani pomwepo, makinawa amafuna malo enieni." Nanga ine ndiloze pati? Dambo lonselo?

Mkazi wanga Esinati nayenso sadziwa, tsiku lija anali chigonere. Anakumba ndi a Nambewe, koma anasamukira ku Norton kwa mwana wawo, ndipo maso akuti sakuonanso bwino. A mapu akuchoka Loweruka.

Esinati sindinamuuze. Ali panjapa akusambitsa mwana wathu Tadala, akumuimbira. Mawa ndipempha tchuthi, ndikwere kombi yoyamba ya ku Norton. A Nambewe atangokumbukira mtengo, kaya chulu, ine ndiwabereka kumsana mpaka kudambo, bola kadontho kamodzi kokha kaoneke pamapu.