Theka Lako la Munda wa Kiwi

Zisis mlongo wanga,

Uli bwanji uko ku Stuttgart? Nanga alamu anga a Theodora, msana uja unasiya? Ife kuno ku Katerini tilipo. Ababa akudya bwino, kungoti mankhwala awo a mtima amamwa tsiku limene akumbuka.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umangoti chabwino, chabwino, uku ukuthamangira basi. Nkhani yake ndi ya munda wa kiwi umene amayi anatisiyira awirife.

Chaka chatha mitengo inabereka modabwitsa. Mlangizi wa kukopaletivi, mayi Chrysoula, anabwera mu Juni n'kuwauza ababa kuti apatulire zipatso. Ababa anawafunsa ngati kusukulu kwawoko amaphunzitsanso kutaya chakudya. Sanapatulire. Kumalo omwera khofi ababa nkhani inali imodzi yomweyo, yotama kiwi wawo, mpaka a Stergios oyandikana nafe munda aja ankati akawaona pakhomo, n'kufunsa ngati lero abweretsa kiwi weniweni kapena wapakamwa yemwe uja.

Mu Seputembala matalala anang'amba masamba. Zipatso tinathyola ndithu, zambirinso, koma zing'onozing'ono, ogula n'kumazitembenuza uku akupukusa mitu. Tisanapume n'komwe chisanu chinatsika kuphiri msanga, masamba otsala aja n'kupserera akadali obiriwira.

Nthawi yodulira nthambi mayi Chrysoula anabweranso, ulendo uno ndi khasu. Anakumba, anadula kamuzu, n'kudonthezerapo ayodini, yemwe uja wopaka pabala. Anatifotokozera kuti shuga amene masamba amapanga, zipatso ndi zimene zimayamba kudya. Wotsala ndiye amatsikira m'thunthu ndi m'mizu n'kusungika, ndipo ndi amene mtengo umaphukira naye masamba atsopano asanayambe kugwira ntchito. Muzu wokhuta umada bii ukadonthezeredwa. Wa m'munda wa a Stergios, umene anabwera nawo m'thumba, unada. Wathu unangoti mbuu.

Ababa anati ayodini wakeyo ngwakalekale. Mayiwo anangotseka botolo.

Kuphuka kwa chaka chino kwayenda monga ananenera. Maso ambiri panthambi sanatseguke. Mphukira zatuluka zoonda, sizikufika n'komwe pawaya wachiwiri woyangapo nthambi. Maluwa anachita ochepa, komabe tizipatso tagwira. Mayi Chrysoula akuti tichotse pafupifupi tonse, masamba adyetse mizu chaka chino. Akuti tikatisiya, sipakhala nthambi zoti zidzabereke chaka chamawa, ndipo mitengo ina sidzadzukanso dzinja likatha.

Alamu ako a Lefteris ali ndi maganizo awo. Akuti tizule zonse, malowo tibwereketse anthu oika magalasi amagetsi a dzuwa, chifukwa galasi silifuna mlangizi. Ananena zimenezi patebulo. Ababa anawayankha kuti munthu amene anaumitsa duwa la m'chitini asamalankhule za munda. Ine sindinavomere, sindinakanenso. Ndinangoti munda uli ndi eni awiri.

Lamlungu la sabata yatha, titachokera kutchalitchi, ababa anatenga sizasi n'kupita kumunda osavula n'komwe malaya oyera. Ndinawatsatira. Anayambira mzere wa kumsewu, akudula tizipatso kamodzikamodzi, osayang'ana pamene tikugwera. Inenso ndinapita kukatenga sizasi ina. Tagwira choncho sabata yonse, a Stergios n'kumatiyang'ana pampanda koma osanena nthabwala.

Titafika pampope wapakati paja, anaima. Anandiuza kuti mbali yanga adula chifukwa ineyo muzu uja ndinauona ndi maso anga. Koma kuyambira pampope mpaka kungalande ndi kwako, ndipo iwo sangataye zipatso za munthu amene sananene. Anati, "Akadzabwera mu Okutobala ndi ana ake kudzathyola, ndidzamuonetsa chiyani? Masamba?"

Ndinawauza kuti akuimbire. Akuti ndiwe wotanganidwa, asakuvutitse ndi za kumudzi. Ndikuganiza kuti chimene sakufuna n'choti akufotokozere okha mmene zinafikira pamenepa.

Ndiye pempho langa ndi lomweli. Tizipatso ta mbali yako tikukula, ndipo tsiku lililonse tikudya chimene chikanapita kumizu. Juni akatha, kudula sikudzathandizanso kwenikweni. Uwaimbire m'mawa, asanatuluke. Usawafunse za chaka chatha, akuzidziwa. Ungowauza kuti, ababa dulani. Ngati maganizo ako ali kwa a Lefteris, unenenso poyera, tidziwe chimodzi.

Pakadali pano m'mawa uliwonse amapita kukathirira mbali zonse ziwiri mofanana, kenako amakhala pakreti pafupi ndi mpope mpaka dzuwa litatentha.

Undiperekere moni kwa a Theodora, undipsompsonere Markella ndi Fotis. Tchizi ndi maolivi ndidzapatsira a Stergios, akuti mwana wawo akubwerera komweko mwezi wamawa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Evanthia