Yunifolomu ya Amayi

Okondedwa azakhali,

Mukukumbuka chaka chija madzi atalowa m'nyumba kuno ku Kanyama, inu ndi amayi mukukapa ndi ndowa uku mukuimba nyimbo za Chigwirizano? Ndikhulupirira muli bwino ku Mchinjiko.

Mvula yabweranso. Bedi la amayi ndaliika pa njerwa, poti sakudzukanso. Ndimawasambitsa, kuwamwetsa phala, kenako timapemphera. Mawu amatuluka, koma mumtima muli zii. Kaya chimenechi n'chikhulupiriro, komabe sindinaleke.

Dzulo anati, "Norah, undisitireko yunifolomu yanga ya Chigwirizano, uyiike pafupi." Kutchalitchi sangapite, ndipo ulendo wina umene amaivalira mukuudziwa. Ndinasita osafunsa.

Ngati mungabwere, musadikire kukolola.

Ine mwana wanu,
Norah

Ndapinda pepalali, ndikupatsira Ba Desmond a basi ya ku Chipata.