Abwana Opanda Ofesi

Lolemba, 3 Malichi
Abwera oyang'anira ntchito yoika makina atsopano oumbira zidebe. Mayi wamfupi, jombo zazikulu. Ofesi aikana, akhala pa benchi yathu pafupi ndi matumba a pulasitiki. Aliyense kumufunsa chomwe chikumusowetsa mtendere pa ntchito. Ine ndangoti kutentha. Zaka 14 muno, funso lotere n'koyamba.

Lachinayi, 6 Malichi
Fani ya pamwamba panga ikuzungulira! Anakwera okha pa makwerero, amagetsi atawagwirira. Akufuna chiyani kwenikweni? Bambo a kunyumba akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mwinadi. Makina akale timagwirapo asanu, atsopanowa akuti atatu basi.

Lachitatu, 12 Malichi
Ndawauza kuti paipi ya madzi oziziritsa yachepa, zidebe zizituluka zopindika. Ndimayesa aseka, poti anajambula ndi mainjiniya. Ayi ndithu. Agwada, ayeza, andifunsa kawiri. Kenako aimitsa ntchito yonse mlungu wathunthu. Pa mawu anga, ine wa sitandade 8.

Lachisanu, 14 Malichi
Akuluakulu a kampani atsika kuchokera ku maofesi a kumwamba, maso ali psu. Ndani wachedwetsa? Mayi aja: “Ndaimitsa ndine, funsani ine.” Dzina langa osalitchula.

Lachiwiri, 25 Malichi
Paipi yaikulu aika. Zidebe 600, chopindika palibe. Pamenepo ndiye anditchula, pamaso pa onse, mpaka ndasowa poyang'ana. Masana ndalimba mtima, ndawafunsa za awiri amene atsale opanda malo pa makina atsopanowa. Sanazembe. Akuti malo pano palibedi, koma tsiku lililonse akumapita kolongedza katundu kukawapemphera malo. Achemwali a pa sikelo, mmodzi wa awiriwo, ali ndi ana anayi. Nanga mayi oyang'anirawa apindulanji?

Lolemba, 31 Malichi
Mayina atuluka. Tonse asanu tilipo, awiri apita kolongedza. Achemwali kulira, kuseka, kuliranso.
Ochoka ndi mayi aja. Akuti mlungu uja akuluakulu sanauiwale, awatumiza ku nkhokwe ya katundu ya kutali. Asananyamuke andipempha ndiwaphunzitse kuchotsa chidebe m'chikombole. Apsa chala. Chidebecho atenga, chobiriwira, chogwirira chake chisanaikidwe.
Funso langa lija, loti iwo apindulanji, linali pakamwa, koma galimoto inali italiza kale. Mawa kubwera wina. Amukonzera ofesi.