Amuna Anga a Kaputeni

Lolemba, 4 Novembala

Tanyamuka ku Genoa masana. Masabata atatu pamadzi mpaka ku Buenos Aires, mphatso ya ana anga poti ndakwanitsa zaka 70. Ndekha anakana kuti ndipite, ndiye andipatsa mlonda: alamu anga a Zdenka, achemwali awo a malemu amuna anga a Krešo. Korona m'manja, nkhope ya kumaliro.

Kachipinda kothina, kawindo kozungulira. Rakiya wanga, kachasu wa kwathu, wadutsa pachipata bwinobwino m'botolo la mankhwala otsukira m'kamwa.

Lachitatu, 6 Novembala

Alamu chigonere kuyambira dzulo. Nseru. Ndowa pambali pa bedi. Ndi magazi akwawo amenewo, a Krešo ankachita chizungulire pongoona bwato lili padoko.

Ine ndikudya ngati wotuluka kundende. Mazira, nkhuyu, tchizi mitundu inayi, khofi kawiri. Timabanzi tiwiri m'chikwama, sindikudziwanso chifukwa chake, chakudya sichitha muno.

Patebulo lathu la madzulo: banja lina la ku Osijek losatsegula pakamwa, ndi bambo Bartol a ku Rijeka, imvi mutu wonse, akazi awo anamwalira. Moyo wawo wonse anakonza mainjini m'sitima za katundu. Anafunsa kuti amuna anga ankagwira ntchito yanji. Ine ndinangomva pakamwa panga pakuti: kaputeni wa sitima. Zinangotuluka ngati chitsokomolo.

Pepani a Krešo. Zaka 31 mukuyendetsa basi ya ku Knin, lero ndakukwezani udindo supu asanazizire n'komwe.

Lachisanu, 8 Novembala

Pakhonde la pamwamba pali mipando yogonapo. Anthu amalawira kukayalapo matawulo kuti ndi yawo, n'kubwerera kukagona. Lero ndatola matawulo asanu ndi limodzi, ndawapinda mwaulemu, ndakawasiya kochapira. Kenako phee pampando wabwino koposa, buku kumaso, kumvetsera mkangano wa m'zinenero zitatu. Kukoma kwake!

Bodza likunenepa. Sitima ya a Krešo yapeza dzina, Lastavica, ndipo inkanyamula malalanje. A Bartol anafunsa kukula kwake. Ndinati yaikulu ndithu, ndipo ndinawapempha mchere.

"Mkazi wa kaputeni amadziwika ndi kayendedwe," anatero iwo. Kayendedwe kangaka ndi ka bondo lowawa, koma sindinatsutse.

Ndapaka milomo. Koyamba chiikireni maliro.

Lolemba, 11 Novembala

Madzi okhaokha, mtunda sukuoneka. Wotchi abwezanso ndi ola limodzi, tsiku likutalika lokha. Nsomba zouluka m'mawa, ngati timipeni tonyezimira. Masana kuvina m'chipinda chachikulu. A Bartol anandiponda kawiri, bondo silinadandaule.

Vuto: alamu amaliza supu yense ndi nthochi. Ayamba kufunsa za tebulo lathu. Ndawauza kuti anthu ake ndi otopetsa, komanso kodyerako ndi kumene sitima imagwedezeka kwambiri.

Mulungu andikhululukire, ndapempherera mafunde.

Lachiwiri, 12 Novembala

Nyanja bata, ngati mafuta m'mbale. Pemphero langa lakanidwa.

Alamu adzuka, asita diresi lakuda, andiuza kuti atsike nane. Ndimati ndiulule popita, koma panjira ponse panali anthu. Kufika patebulo, a Bartol nyamu, kuwapsompsona dzanja, amvekere ndi ulemu waukulu kukumana ndi mlongo wake wa kaputeni wa Lastavica.

Alamu anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku la ukwati wanga, atalawa msuzi wa amayi anga. Ine maso pa buledi. Anakhala pansi, kuyala kansalu pamiyendo, kutunga supu. Kenako, kwa a Bartol: "Za namgumi anakuuzani?"

Namgumi! Akuti anatsatira sitima ya achimwene awo masiku anayi chifukwa chokonda nyimbo zawo. Mayi wa tchalitchi ameneyu, wosaseka ngakhale pa Khirisimasi, ananama mpaka zipatso zinafika. Ngakhale a ku Osijek aja anafunsa funso.

Titabwerera kuchipinda anangozimitsa magetsi n'kugona.

Lachisanu, 15 Novembala

Alamu andilanda kaputeni wanga. Tsopano akuti anapulumutsa asodzi khumi ndi asanu ndi anayi ndipo analandira mendulo. Nditayesa kuikapo mawu anandidula: "Inu mlamu, nthawi imeneyo munali musanalowe m'banja mwathu."

Kovina, a Bartol avina nawo katatu. Ine kamodzi. Nsanje pa msinkhu uno, manyazi.

Botolo lotsukira m'kamwa latsika kufika pakati. Sindine. Alamu ati mankhwala ake ndi amphamvu, amawathandiza nseru.

Masana ndinakhala ndekha kumbuyo kwa sitima, kuyang'ana thovu. Mwadzidzidzi ndinawasowa enieniwo. Fungo la dizilo m'malaya. Hutala kawiri akamadutsa pa nyumba. Kuimika basi pomwe palibe siteji chifukwa gogo wina wakweza dzanja. Sabata yonse ndakhala ndikukamba za munthu amene sanakhaleko, za iwo sindinanene liwu ndi limodzi lomwe.

Ayisikilimu wa mandimu anathandiza pang'ono.

Lamulungu, 17 Novembala

Kakhadi pansi pa chitseko, m'mbali mwake mwa golide. Kaputeni wa sitima ino, weniweni, akuitana mkazi ndi mlongo wa mnzake wa pantchito kuti mawa tikadye patebulo lake. Ntchito ya a Bartol imeneyi. Akuti amafuna kutisangalatsa.

Kaputeni weniweni adzafunsa mafunso enieni.

Titatuluka ku Misa ndinawakokera alamu pakhonde. Ndinati basi, masewera athe, ine ndinayamba ndipo ine nditsiriza. Ndinati tikuwanyoza a Krešo, munthu amene sanaufunepo n'komwe ukaputeni.

Anagwira chitsulo cha m'mbali. Kenako anandiuza. Akuti a Krešo ali ndi zaka 17 anathawa kunyumba kukalowa sukulu ya amalinyero. Kuyambira ali mwana sankakamba china koma nyanja. Ulendo woyamba wa maphunziro anadwala masiku asanu ndi anayi osadzuka, mpaka anawatsitsa padoko la ku Bari, bambo awo n'kukawatenga. Atafika analumbiritsa nyumba yonse kuti wina asadzatchule. Mwezi wotsatira anayamba kutsuka mabasi.

Zaka 41 pabedi limodzi. Osandiuza. Ndikati tikwere bwato la kuzilumba ankati madzi ndi a nsomba, ine n'kumawaseka pamaso pa ana.

"Chipewa chake cha kusukuluko chili m'sutikesi mwanga," anatero alamu. "Ndinabwera nacho kuti chiwoloke nyanja, poti mwini wake zinamukanika."

Tinalira pompo, agogo awiri, anthu akudutsa ndi mbale za makeke. Kenako tinakamaliza mankhwala otsukira m'kamwa.

Lolemba, 18 Novembala

Chipewa chili pabedi langa. Choyera chosanduka chikasu, chaching'ono. Mutu umenewu sindinaudziwe.

Tagwirizana. Tipita. Chipewa chikakhala patebulo la kaputeni, ine ndikanena za basi ya ku Knin, zonse, a Bartol akumva. Akakwiya akwiye. Akafuna kuvina ndi mkazi wa dalaivala, masana ndimapezeka.

Alamu avomera, kupatula chimodzi: namgumi ndi wawo, ndisamukhudze.

Milomo ndapaka. Wina akugogoda, ndi a Bartol, afulumira, ndipo nsapato inayo sindikui—