Kugunda kwa M'khutu

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhazikike.

Dokotala wa ku Lusaka anati kugunda kumene ndimamva m'khutu lamanzere ndi kachotupa ka mitsempha ya magazi. Si khansa, koma kakundigonthetsa pang'onopang'ono. Lero, ndikuyendetsa alendo odzaona nyama wapansi cha ku Chinzombo, sindinamve njovu ikuthyola nthambi patsogolo pathu. A Mwale, sikauti wonyamula mfuti, ndi amene atiimitsa.

"A Digiri, musawauze abwana," andinong'oneza pobwerera, pondiitana ndi dzina langa lanthabwala. "Makutu angawa atikwanira tonse awiri. Ntchito ina mukaipeza kuti?"

Mwina akunena zoona, ine ndimaphonya zambiri. Koma sinditsogoleranso ana a eni kutchire ndi makutu obwereka. Mawa ndikawauza ndekha abwanawo, ndikapemphe tchuthi cha opaleshoni. Akandichotsa, andichotse.