Masabata Atatu a Justina

Matero, Lusaka
18 Malichi 1991

Okondedwa alongo anga a Maud,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Katete. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga chimanga chikuti bwanji ndi mvula ya chaka chino? Kuno tili moyo. Mlamu wanu Sophia ali bwino, ana akupita kusukulu. Za ufa mukuzimva kale: munthu amaima pamzere kuyambira m'mawa, n'kudzauzidwa masana kuti watha.

Kalata yanu ya pa Khirisimasi ndinailandira. Munalemba kuti kumudzi akumanditchula loya wa amphawi, ndipo kuti simudandaula kuti munasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Mawu amenewo ndiwo andichedwetsa kuyankha. Pezani pokhala, alongo, ndikuuzeni zimene ndachita.

Mukukumbukira zipolowe za mu Juni chaka chatha, atakweza mtengo wa ufa. Anthu anathyola masitolo, apolisi n'kumagwira aliyense wopezeka atasenza thumba. Mwa ogwidwawo munali mayi wina wa ku Kanyama, Justina Mbewe, wa ana atatu, wogulitsa vitumbuwa pamsika. Thumba lakelo anachita kugula, ataima pamzere maola asanu. Koma pasitolo ina yapafupi mlonda anavulazidwa, ndiye iye pamodzi ndi amuna atatu amene sanawaonepo chibadwire anawapatsa mlandu wakuba mwachiwawa. Pa mlandu umenewo salola belo.

Amuna ake, a Josiah, osoka nsapato, ndiwo anabwera ku ofesi kwanga. Anati anamva kuti sindibweza munthu wopanda kanthu. Ndinavomera. Pa zaka khumi ndi ziwiri za ntchito ino ndatulutsa anthu ambiri otere, ena omenyedwa mpaka kuvomera zimene sanachite, ena ongoiwalika m'chitokosi. Mlandu wa Justina sunali wovuta. Mboni ya boma inali imodzi, wapolisi amene ankasintha nkhani nthawi iliyonse akatsegula pakamwa. Ndinapezanso wogulitsa m'sitolo amene anamupatsa ufawo, ndipo analola kudzanena zoona.

Chovuta chinali kupeza tsiku. Lero woweruza wadwala, mawa galimoto yotengera akaidi ilibe mafuta, mkuja mapepala asowa. Miyezi isanu ndi iwiri inatha chonchi.

Ndinkamuyendera Lachisanu lililonse. Za malamulo sankafunsa. Ankafuna kudziwa ngati kamwana kake komaliza kayamba kuyenda, ndiponso ngati malo ake pamsika sanalande wina. Tsiku lina anayang'ana kumapazi kwanga n'kuseka, ati loya wamtundu wanji wovala nsapato yoyasamula, ndipite nayo kwa amuna ake asanandione woweruza.

Kenako anatipatsa tsiku lotsimikizika, pa 11 Febuluwale. Pasanathe masiku awiri kunabwera kalata yondiitanira kumsonkhano wa maloya a za ufulu wa anthu, kunja kwa dziko, sabata yomweyo ya mlandu. Ankafuna ndikalankhule za anthu amene amakhalitsa m'ndende mlandu wawo usanazengedwe.

Alongo, ndinali ndisanakwerepo ndege. Nditaona dzina langa litasindikizidwa pamodzi ndi mayina amene ndinkangowawerenga m'mabuku, mtima unanditenga. Ndinadziuza kuti kumeneko ndikathandiza anthu zikwizikwi, osati mmodzi. Ndinapempha khoti kuti lisunthe mlandu ndi masabata atatu. Palibe anandikakamiza. Ndinalemba ndekha, n'kusaina ndekha.

Nditamuuza Justina, anapotokola nsonga ya chitenje. Kenako anati, “Yendani ba loya, mukatikambileko. Nakhala kale miyezi seveni, masabata yatatu ni yang'ono.” Anangopempha kuti pobwera ndimutengereko sopo wonunkhira.

Ndinapita, ndinalankhula, anthu anaimirira n'kundiombera m'manja.

Nditabwerera ndinapita kundende, sopo ali m'thumba la jekete. Mayi Mukupa, amene amayang'anira mbali ya azimayi, atangondiona anandikokera pambali. Anati kolera inawalowera ine nditangochoka. Justina anayamba kutsegula m'mimba Lachisanu, tsiku langa lomuyendera lija, ndipo pofika Loweruka masana anali atapita. Anamuika tsiku lomwelo pamodzi ndi ena awiri, atamukulunga m'pulasitiki. A Josiah anangoimirira patali, sanaloledwe ngakhale kuona nkhope.

Pa 4 Malichi mlandu unaitanidwa. Amuna atatu aja ndinkawaimiranso ndine. Wapolisi uja ndinamufunsa mafunso asanu ndi limodzi okha, nkhani yake n'kugweratu. Dzuwa lisanafike pamutu woweruza anali atawamasula onse. Dzina la Justina anangolidula ndi cholembera. Zikanachitika pa 11 paja, akanakhala kunyumba kwake masiku anayi matendawo asanamupeze. Ndawerengetsa masikuwo kambirimbiri, ndipo sakusintha.

Sophia ndiye anandiuza kuti ndisabisale kuseri kwa mafayilo. Loweruka lapitali ndinapita ku Kanyama. Mukudziwa mmene kumakhalira nthawi ya mvula, madzi anali m'maondo, ndinachita kuvula nsapato ndi kupinda thalauza. A Josiah ndinawapeza pakhomo akusoka. Anandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa njerwa. Ndisanayambe n'komwe, anayamba kundithokoza. Anati pa anthu onse ovala tayi, ine ndekha ndi amene ndinkamuona mkazi wawo ngati munthu. Ankaganiza kuti ndi khoti limene linasuntha tsiku monga mwa masiku onse. Justina sanawauze.

Ndikanatha kulandira mawuwo n'kubwerera. Ndinafunadi kutero. Koma kamwana kaja kanatuluka m'nyumba kakuyenda kokha, kakugwira khoma, ndipo ndinangozimva ndikunena zonse, za kalata, za ndege, za kuomberedwa m'manja kuja.

Sanandinyoze. Anamaliza kaye msoko umene anali nawo, n'kuluma ulusi. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkadziwa. Amayi ake a Justina ali moyo, ali kwanuko ku Katete. Chimangidwireni mwana wawo, mayiwo sanauzidwepo kanthu, chifukwa Justina anakaniza, ati amadwala mtima. A Josiah akhala akuwalembera kuti Justina ali bwino, malonda ndiwo amuchulukira. Ndipo za imfayi sanalembebe, dzanja likukana.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ine namvela. Manje imwe ndimwe muziba kukamba. Yendani mukabauze bamayi bake, monga mwamene mwaniuzila ine.”

Ndinavomera. Sindikanatha kupempha tsiku lina.

Apa ndiye pali pempho langa, alongo. Mayiwo dzina lawo ndi a Tisauke, amakhala m'mudzi wa Chimkoka, njira yopita kumalire a Mozambiki. Ine ndinyamuka pa basi ya Lachinayi pa 28, ndikangomaliza mlandu wa anyamata awiri a ku Chawama, poti umenewo sindiusuntha zivute zitani. Ndikupempha mufufuze mwakachetechete mmene alili m'thupi, amakhala ndi ndani, ndiponso amapemphera mpingo uti, kuti tikatenge mkulu wa mpingo ndi amayi awiri atatu owagwira. Inu musawauze kanthu. Umenewo ndi katundu wanga.

Koma mukandiperekeze. Ndaimapo pamaso pa oweruza aukali, ndawopsezedwapo ndi anthu amfuti, sindinanjenjemere. Koma sindidziwa mmene munthu amafikira pakhomo la mayi amene adzathamangira kundiyalira mphasa, poganiza kuti mlendo wa ku Lusaka wabwera ndi moni wa mwana wake. Inu mwaperekezapo mauthenga a maliro ambiri. Mukandiuze pokhala ndi poyambira. Ndipo mukaona ndayamba kukometsa nkhani monga timachitira kukhoti, mukandigwire mkono.

Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire ndikafika, ndidzamva. Anthu a kumudzi akamanditchulanso dzina lija, musawayankhe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa atsibweni a Whyson, ndi kwa ana onse. Sophia akuti muwapatse moni amayi a mpingo. Ambuye akusungeni, ndipo mukamapemphera mutchuleko ana atatu a ku Kanyama aja. Ine mudzanditchule pambuyo pawo.

Ndine mlongo wanu,
Lemmy