Buku Limene Ndinati Ndi Langa

Herat
9 Novembala 2023

Okondedwa achimwene Bakhtiar,

Musaseke zilembo zangazi, ndikudziwa zikuoneka ngati pomwe yapalasa nkhuku. Inunso kunyamula njerwa ku Mashhad kuja sikunakusandutseni mphunzitsi. Kalatayi ndampatsira pamanja dalaivala wa lole uja. Mukawerenga muiponye pamoto, apa pokha sindikuseka.

Amayi chifuwa chija chikadalipo, koma akudzuka. Nkhani ndi ya mlongo wathu Shukria. Anthu amumsewu mwathu amati amapita kwa Bibi Hawa kukaphunzira kusoka. Singano iliko ndithu, koma pansi pa nsalu pamakhala mabuku, ndipo mukudziwa kuti atsikana a msinkhu wake saloledwanso zimenezo. Womuperekeza ndine, poti mkazi sayenda yekha. Pano mwanayu amawerenga yekha mapepala a mankhwala a amayi, moti namwino wina anati akalimbikira adzamutenga azikamuthandiza. Bambo atamva zimenezo anasiya zokamba zomupereka kwa Haji Sattar, nkhalamba yophika buledi ija. Anangoti, "Koma ndikangomva kaphokoso, ukwati ulipo."

Lachiwiri anyamata a mfuti a boma anatiimitsa pafupi ndi msika. Mmodzi, wa tindevu tosakwana, anafunyulula mtolo wa nsalu ndi nsonga ya mfuti. Buku pansi, khu!

"Ili ndi la ndani?"

Pakamwa pangapa mumapadziwa, pamathamanga kusiya mutu kumbuyo. "Langa, bwana. Ndikufuna udokotala."

"Iwe? Ndi nkhope imeneyo? Tawerenga timve."

Achimwene, ine amene ndinathawa sukulu kukagulitsa mavwende! Ngakhale tsiku labwino ndimawerenga ngati bulu wokwera phiri, ndiye apa zilembo zinkangoyenda ngati nyerere. Kenaka ndinamva Shukria kumbuyo kwanga, m'kati mwa chadari chake chophimba nkhope, akunong'ona ngati akupemphera. Sankapemphera ayi. Tsamba limenelo analiloweza, ndiye ankandipatsira mawu limodzilimodzi. Ine n'kumabwereza mokweza, chala pamzere, kaya unali mzere wake kaya.

Mnyamata uja anayang'ana buku, anayang'ana ine. Ndinazindikira kuti nayenso sadziwa kuwerenga. Anaseka n'kundimenya paphewa.

"Iwe ndiwe katswiri eti! Loweruka ubwere kugeti kumene timalondera udzawerengere anzanga. Mkulu wathu ndi wophunzira, adzakondwa. Ubwere wekha, mkaziyu umusiye kunyumba."

Ndekha, achimwene. Ndikakakakamira pamaso pa mkulu wawoyo, adzafunsa kuti nanga bukuli mwini wake ndani, ndipo Bibi Hawa ndi atsikana onse amene amawaphunzitsa athera pomwepo. Kuthawa sindingathawe, anatitsatira mpaka nyumba yathu anaiona.

Ndiye pano ine, mwamuna wamkulu, ndikukhala pamphasa kuphunzitsidwa kuwerenga ndi Shukria, kamtsikana kakundigogoda ndi supuni pamutu. "Achimwene, chilembo ichi mwachidumphanso! Mavwende anakudyani ubongo?" Ndimaseka, koma Loweruka silichoka m'mutu. Iyenso amasuzumirasuzumira kukhomo akamatembenuza tsamba, amaganiza kuti sindikuona.

Bambo sitinawauze. Ndapota nanu, mukaona kuti kwadutsa nthawi osamva za ine, muwaimbire foni. Inu amakumverani poti ndinu oyamba kubadwa. Muwauze kuti buku linali langa, cholakwa n'changa, ndipo Shukria asapite kwa Haji.

Amayi akuti muzivala zofunda, kuzizira kwayamba. Shukria akupereka moni. Mundipempherere Loweruka m'mawa, ngakhale mukhale muli pamwamba pa njerwa.

Ine mphwanu wosamva uja,
Qurban